Mutu 7: Kusamalira mphaka woyamwitsa amene wapezeka pasukulu

Mawu oyamba

M'mutu wapitawu munaphunzira za ziweto zimene sukulu imasankha yokha kusunga, monga nkhuku ndi akalulu. M'mutu uno tikambirana za chiweto chimene chimabwera chokha osaitanidwa: mphaka wosowa mwini amene waswera ana pasukulu. Chitsanzo chathu tachitenga ku Chitungwiza, tauni ya ku Zimbabwe yomwe ili kumwera kwa Harare. Kumeneku kuli mabanja ambiri olankhula Chichewa amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Komabe zimene muphunzire pano zidzakuthandizani kaya muli ku Blantyre, ku Chipata kapena ku Tete.

Mphaka amabisa matenda. Nthawi zambiri chimbudzi ndi mkodzo wake ndizo zimayamba kusonyeza kuti m'thupi simuli bwino. Chimbudzi chomwecho ndi njira imene matenda ena amadzera pofika kwa ana asukulu. Choncho mphunzitsi amene akusamala malo amene mphakayo amadzithandizira akuteteza mphaka ndi ophunzira omwe.

Zolinga

Pakutha pa mutu uno, muyenera:
• kufotokoza zosowa za mphaka woyamwitsa
• kukonza malo oyenera oti mphaka azidzithandizirapo
• kuzindikira zizindikiro za matenda ofunika dokotala wa ziweto
• kuteteza ophunzira ku matenda ochokera kwa amphaka
• kugwiritsa ntchito nkhaniyi pophunzitsa sayansi ndi zaumoyo

Nthawi: maola awiri

Nkhani yophunzirapo

Tiyerekeze kuti inu mukuphunzitsa Giredi 5 pa sukulu ina ya pulaimale ku Zengeza. Lolemba m'mawa mwatuma ophunzira awiri kukatenga choko mu sitolo ya sukulu, ndipo abwerako akuthamanga. Kuseri kwa makatoni a mabuku kuli mphaka woonda ndi tiana tinayi tosatsegula maso. Anyamata ena atola kale miyala, akuti mphakayu ndi wa afiti. Ahedi akuti msiyeni, makoswe atha mabuku.

Inu mwamuikira mkaka wotsala pa tiyi ndi mkute wa nsima. Pafupi ndi mbaleyo mwaika beseni la mchenga. Pofika Lachinayi mphaka uja akutsekula m'mimba, ndipo sakudzithandizira m'beseni koma pa masaka ali pakona. Wosamalira pasukulu watsuka beseni ndi mankhwala akuda onunkhira otsukira zimbudzi. Mphunzitsi mnzanu, amene ndi woyembekezera, wadzipereka kuti azitaya mchenga Lachisanu lililonse, ndipo wabweretsa theka la piritsi la panado kuti mphakayo amwe.

Ntchito 1

Werenganinso nkhaniyi. Lembani m'kope mwanu zolakwika zisanu zimene zachitika ngakhale kuti aliyense anali ndi mtima wothandiza. Mukamaliza kuwerenga mutu wonse, yerekezani mayankho anu ndi omwe ali kumapeto.

Zosowa za mphaka woyamwitsa

Mphaka amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63 mpaka 65. Tiana timabadwa tosaona, ndipo maso amatseguka pakati pa masiku 7 ndi 14. Pa milungu itatu yoyamba, tianato sititha kukodza kapena kuchita chimbudzi patokha. Make amatinyambita kumimba ndi kumbuyo kuti tidzithandize, ndipo amameza zonse zotulukazo. N'chifukwa chake pogona pamakhala paukhondo. Mukaona pogonapo pali zonyansa, tiana tikulira osalekeza, dziwani kuti makeyo wafooka kapena mkaka wachepa.

Kupanga mkaka kumadya thupi. Mphaka woyamwitsa amafuna chakudya chochuluka kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Iye ndi nyama yodya nyama, ndiye nsima yokha simukwanira ayi. Mpatseni matemba kapena kapenta woviika m'madzi kuti mchere uchoke, dzira lophika, kapena zotsala za nyama ndi nkhuku zophika mutachotsa mafupa. Musampatse ndiwo za anyezi kapena adyo chifukwa zimaononga magazi a mphaka. Madzi akumwa akhalepo nthawi zonse.

Nanga mkaka wa ng'ombe? Ambirife tinakula tikudziwa kuti mphaka ndi mkaka n'chimodzi. Zoona zake n'zakuti amphaka ambiri akakula satha kugaya shuga wa mumkaka wa ng'ombe, ndipo amatsekula m'mimba. Mphaka woyamwitsa akatsekula amataya madzi omwe akanapangira mkaka wa ana ake.

Malo odzithandizira

Mwachibadwa mphaka amakumba, kudzithandiza, n'kukwirira. Safuna kuphunzitsidwa. Akakana beseni ndiye kuti pali chifukwa, ndipo kumumenya sikuthetsa chifukwacho. Tsatani njira izi:

1. Pezani beseni lakale lotakata, losazama kwambiri, loti mphaka athe kutembenukiramo.
2. Thiranimo mchenga wouma wokwana zala zitatu kapena zinayi kuya kwake. Musatenge mchenga pafupi ndi ngalande kapena pamene paphulika paipi ya zonyansa.
3. Ikani beseni m'chipinda chomwecho koma kutali ndi chakudya, madzi ndi pogona. Mphaka sadzithandizira pamene amadyera. Komanso woyamwitsa safuna kupita kutali kusiya ana.
4. Sankhani pakona pabata, posadutsadutsa anthu.
5. Chotsani chimbudzi tsiku ndi tsiku ndi fosholo kapena chitini chodula, mukakwirire m'dzenje lakuya kutali ndi dimba la sukulu ndi chitsime.
6. Kamodzi pa mlungu tayani mchenga wonse, tsukani beseni ndi sopo ndi madzi otentha, liume padzuwa.

Chenjerani ndi mankhwala otsukira zimbudzi, makamaka aja amene amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi. Ambiri a iwo ali ndi phenol, yemwe ndi poizoni kwa amphaka. Mphaka akaponda amanyambita mapazi ake, poizoni uja n'kulowa m'thupi. Fungo lakenso limamuthamangitsa pabeseni.

Ngati mphaka wazolowera kale pakona pena, tsukanipo bwino, chotsani masaka, ndipo muikepo beseni lomwelo. Tengani kachimbudzi kake pang'ono muike mumchenga kuti fungo limulondolere. Tiana tikafika milungu itatu kapena inayi timayamba kutsanzira make, ndiye mutiikire chivindikiro kapena thireyi yosazama.

Zimene muone m'beseni

Tsiku lililonse musanataye, yang'anani. Chimbudzi cha mphaka wathanzi chimakhala cholimba pang'ono ndi chofiirira. Chamadzi chingabwere chifukwa cha mkaka wa ng'ombe, kusintha chakudya mwadzidzidzi, kapena njoka za m'mimba. Mukaona tinthu toyera tonga mpunga, kapena njoka zazitali zonga ulusi wokhuthala, mphakayo ali ndi njoka za m'mimba. Mtundu wina wa njokazi umadutsa mumkaka kupita kwa tiana, ndipo mudzaona timimba tawo titatupa pamene thupi likuonda. Njoka zoonetsa tinthu tonga mpunga zija zimadzera mu utitiri umene mphaka amameza podzinyambita.

Mphaka amene akubwerera kubeseni pafupipafupi, akudzikakamiza koma mkodzo ukutuluka madontho, kapena uli ndi magazi, ali ndi vuto m'chikhodzodzo. Nthawi zina amathawa beseni chifukwa amaganiza kuti ululu ukuchokera pamenepo.

Zizindikiro zofunika dokotala wa ziweto msanga

• Kutsekula m'mimba kopitirira masiku awiri, kapena kwa magazi.
• Kukana kudya tsiku lathunthu.
• Zotuluka kumaliseche zonunkha kapena zamafinya. Zofiirira pang'ono zopanda fungo zimatha kutuluka mpaka milungu itatu ataswa, ndipo zimenezo si matenda.
• Bere lotupa, lotentha ndi lolimba, mphaka n'kumakana kuyamwitsa.
• Kunjenjemera, kuyenda mouma miyendo kapena kukomoka. Izi zingachitike pamene calcium wachepa m'magazi chifukwa choyamwitsa, kapena pamene wadya khoswe wofa ndi poizoni.
• Tiana tozizira, tosayamwa, kapena todzadza utitiri mpaka nkhama kuyera.

Chonde, musampatse mphaka mankhwala a anthu. Panado ndi mapiritsi onse okhala ndi paracetamol amapha mphaka, ngakhale kachidutswa, chifukwa chiwindi chake sichitha kuwachotsa m'thupi. Mankhwala ena a utitiri opangira agalu ndiponso dibi wa ng'ombe amaphanso amphaka. Mankhwala a njoka oyenera woyamwitsa akuuzeni ndi dokotala wa ziweto. Kwa okhala ku Chitungwiza, thandizo limapezeka ku ofesi za boma za Department of Veterinary Services ndi ku bungwe losamalira nyama la SPCA ku Harare. Inu a kwina, fufuzani kumene alangizi a ziweto a m'dera lanu amapezeka, ndipo mulembe pakhoma la ofesi ya ahedi.

Kuteteza ophunzira

Chiwewe. Mphaka wotoledwa simudziwa kumene wachokera, ndipo woyamwitsa amalusa poteteza ana. Chiwewe chimagwira amphakanso, osati agalu okha, ndipo kuyambira 2010 matendawa anachuluka pakati pa agalu a mumzinda wa Harare. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa mpaka magazi, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15, kenako mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ndi kudziwitsa makolo. Musadikire kuti muone ngati adwale. Zizindikiro za chiwewe zikayamba, munthu sachira. Mphakayo musamuphe kapena kumuthamangitsa. Mutsekereni, a zaziweto amuyang'anire kwa masiku 10.

Toxoplasmosis. Awa ndi matenda obwera ndi kachilombo kamene kamatuluka m'chimbudzi cha mphaka. Anthu ambiri akakatenga sadwala, koma kwa mayi woyembekezera kangathe kuvulaza mwana ali m'mimba, ndipo n'koopsa kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika. Kachilomboka kamafuna tsiku limodzi mpaka masiku asanu kali kunja kuti kayambe kupatsirana. Mwaona tsono chifukwa chotayira chimbudzi tsiku ndi tsiku? Ntchitoyi asagwire woyembekezera, wodwaladwala kapena mwana wasukulu. Agwire munthu wamkulu mmodzi, atavala magolovesi kapena majumbo m'manja.

Njoka za m'mimba ndi chipere. Mazira a njoka amakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo ana ang'ono amawameza posewera pamchenga. Vindikirani mchenga umene ana a m'makalasi oyamba amasewererapo. Chipere nacho chimachoka pa mphaka wosooka ubweya kupita pakhungu la mwana amene wamunyamula.

Madzi. Njira yoteteza ana ku zonsezi ndi kusamba m'manja ndi sopo, ndipo apa ndi pamene pali vuto. Chitungwiza imadalira madzi ochokera ku Harare, ndipo mipopi imatha masiku ili youma. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 4,000 mu Zimbabwe mu 2008 ndi 2009 unayambira ku Chitungwiza komweku mu Ogasiti 2008. Kolera sachokera kwa amphaka, ndipo muwauze ana momveka kuti asamuimbe mlandu mphaka. Koma sukulu yosowa madzi osamba m'manja ili pachiopsezo ku matenda onse odzera m'chimbudzi, cha munthu kapena cha nyama. Pachikani chigubu cha madzi ndi sopo pakhomo la sitolo musanavomere kusunga mphakayo.

Ntchito 2

Konzani phunziro la mphindi 30 la kalasi yanu lotchedwa "Mmene tizilombo timayendera kuchokera m'chimbudzi kufika m'kamwa". Ophunzira ajambule njira yake: chimbudzi, dothi, manja, chakudya, kamwa. Kenako asonyeze malo atatu pamene njirayo ingadulidwe. Kambiranani ndi mphunzitsi mnzanu mmene mungayankhire mwana amene akuti mphaka ndi wa afiti, popanda kunyoza makolo ake. Mungathe kuyamba ndi funso lakuti: kodi mabuku athu akuwateteza ku makoswe ndani? Tsiku la 28 Sepitembala, lomwe dziko lonse limakumbukira za chiwewe, ndi nthawi yabwino yoitana mlangizi wa ziweto kudzalankhula pa asembule.

Zam'tsogolo

Tiana timayamba kulawa chakudya pa milungu inayi ndipo timaleka kuyamwa pa milungu pafupifupi isanu ndi itatu. Musatipereke kwa anthu nthawiyi isanakwane. Kumbukiraninso kuti mphaka amatha kutenga bere lina patangopita milungu yochepa ataswa, ngakhale akuyamwitsabe. Funsani dokotala wa ziweto za katemera wa chiwewe ndi za opareshoni yotseka kubereka. Gwirizanani pamsonkhano wa aphunzitsi za amene azimudyetsa pa holide. Ngati palibe wodzipereka, ndi bwino kumupereka ku bungwe losamalira nyama kusiyana ndi kumutsekera mu sitolo mwezi wathunthu.

Mwachidule

M'mutu uno mwaphunzira kuti mphaka woyamwitsa amafuna chakudya chambiri cha nyama kapena nsomba, madzi, ndi beseni la mchenga loikidwa kutali ndi chakudya. Mwaona kuti kukana beseni kumakhala ndi chifukwa, ndipo kuyang'ana chimbudzi tsiku ndi tsiku kumathandiza kudziwa matenda msanga. Mwaphunziranso za chiwewe, toxoplasmosis, njoka za m'mimba ndi chipere, ndi mmene mungatetezere ophunzira anu.

Mafunso odziyesa

1. N'chifukwa chiyani tiana ta mphaka ta mlungu umodzi sitifuna beseni?
2. Tchulani zizindikiro zitatu zofunika dokotala wa ziweto msanga.
3. Mwana wa m'kalasi mwanu wakandidwa ndi mphakayu mpaka magazi. Fotokozani zimene muchite motsatana.

Mayankho a Ntchito 1

Kumpatsa mkaka wa ng'ombe ndi nsima yokha; kuika beseni pafupi ndi chakudya; kutsuka beseni ndi mankhwala oopsa kwa mphaka; kulola woyembekezera kutaya mchenga, ndiponso kamodzi kokha pa mlungu; kufuna kumpatsa panado. Ngati munalembanso kuti ophunzira amalowa mu sitolo popanda wamkulu, mwaganiza bwino.