Mayi Wophunzitsa Ana Ake Afunikiranso Kuphunzira

1. Kodi amayi ophunzitsa ana awo panyumba amayang'anizana ndi ngozi yotani?

MAYI amene amaphunzitsa ana ake aang'ono panyumba amasenza mtolo woŵirikiza. Iye ndiye mphunzitsi, komanso ndiye wophika, wochapa, ndi mlezi wa khanda. Pofika madzulo amakhala atatheratu mphamvu, ndipo kaŵirikaŵiri chinthu choyamba kunyanyalidwa ndicho kuŵerenga kwa iye mwini. Kodi zimenezo zili ndi kanthu? Indedi, pakuti chitsime chongotungidwa popanda kasupe wochidzaza chimaphwa. Ana amakula, mafunso awo amakulanso, ndipo mayi amene analeka kuphunzira angadzaone kuti mwana wake wasiya kumfunsa.

Chitsanzo cha ku Epworth

2, 3. (a) Kodi Susanna Wesley anali mumkhalidwe wotani? (b) Kodi kuphunzira kwake kunapindulitsa motani ana ake?

2 Talingalirani za Susanna Wesley, amene anabadwira mu London mu 1669. Iye anabala ana 19, ndipo 9 a iwo anamwalira ali makanda. Banjalo linali kukhala m'mudzi wa Epworth, ku England, ndipo kaŵirikaŵiri linali m'ngongole. Komabe, mayiyo anali kuphunzitsa ana ake kwa maola 6 patsiku, akumayamba pamene mwana anakwanitsa zaka 5. Iye anaikanso lamulo lakuti mwana wamkazi asaphunzitsidwe ntchito yamanja kufikira atadziŵa bwino kuŵerenga.

3 Ngakhale kuti anali wotanganitsidwa motero, iye anali kupatula nthaŵi mmaŵa ndi madzulo ya kuŵerenga, kusinkhasinkha, ndi kulemba malingaliro ake. Zolemba zakezo zimasonyeza kuti anaŵerenga mabuku ovuta, onga a John Locke. Phindu lake linaonekera pamene nyumba yawo inapsa mu 1709 ndipo anawo anamwazikana m'nyumba za anthu ena. Pokhala wosakhoza kuwaphunzitsa pamaso ndi pamaso, mayiyo analembera ena a iwo makalata aatali achilangizo, akumatapa m'nkhokwe imene anaidzaza kwa zaka zambiri. Iye sakanapatsa ana ake chimene iye mwini analibe.

Theka la Ola ndi Mabuku Atatu

4. Kodi Charlotte Mason anathandiza motani amayi?

4 M'zaka za zana la 19, mphunzitsi wina wa ku Britain, Charlotte Mason, anazindikira kusoŵa kumodzimodziko. Buku lake lakuti Home Education linatuluka mu 1886, ndipo mu 1890 anayambitsa magazini a makolo otchedwa The Parents' Review. Pambuyo pake analinganiza maphunziro a amayi ochitidwa mwa makalata, mmene amayiwo anali kuŵerenga mabuku osankhidwa ali kwawo ndi kulemba mayeso.

5. Kodi ndi uphungu wotani umene unaperekedwa mu 1892, ndipo nchifukwa ninji uli wanzeru?

5 Nkhani ina ya m'magaziniwo, ya mu 1892, inalimbikitsa mayi aliyense kudzipatulira theka la ola patsiku. Inatchulanso njira ya kukhala ndi mabuku atatu panthaŵi imodzi: lina lovuta, lina losavuta kwenikweni, ndi lina lanthano, ndiyeno kutenga limene mphamvu za tsikulo zikulola. Nzeru yake njoonekeratu. Mayi amene wachezera usiku ndi mwana wodwala sangalimbane ndi buku lovuta, koma angakhozebe kuŵerenga masamba oŵerengeka a nthano, ndipo chizoloŵezicho sichimaduka. Ndiponso, theka la ola patsiku limaposa maola 180 pachaka!

Kodi Nkubera Ana Nthaŵi?

6. Kodi nchifukwa ninji mayi sayenera kudziimba mlandu pamene aŵerenga?

6 Amayi ena amavutika ndi chikumbumtima, akumalingalira kuti nthaŵi imeneyo njobedwa kwa ana. Koma ana amatsanzira zimene amaona koposa zimene amauzidwa. Mwana amene amaona amake ataŵeramira buku, akumafufuza liwu lachilendo m'dikishonale, amaphunzira kuti kuŵerenga sikuli chilango cha ana ayi. Ndiponso, mayi amene akulimbana ndi phunziro latsopano amakumbukira mmene kusamvetsa kumapwetekera, chotero amaleza mtima pamene mwana akukakamira pa liwu limodzimodzilo.

7. Kodi mayi angapeze motani nthaŵi, ndipo ena angathandize motani?

7 Nthaŵiyo siimapezeka yokha, iyenera kupatulidwa. Ena amaŵerenga khanda likagona masana, ena mbandakucha ana asanadzuke. Kulemba m'kope mfundo imodzi yokha, kapena kuisimbira wina panthaŵi ya chakudya, kumaikhomereza m'maganizo. Mutu umodzi susenza denga, chotero mwamuna wolingalira ena, agogo, kapena mnansi angatenge ana kwa kanthaŵi. Mayi wochirikizidwa motero adzakhalabe ndi chopatsa ana ake, osati lerolino lokha, komanso pamene iwo adzabwera ndi mafunso aakulu a paunyamata.

Mafunso Obwereramo

□ Kodi chitsanzo cha Susanna Wesley chimaphunzitsanji?

□ Kodi kukhala ndi mabuku atatu kumathandiza motani?

□ Kodi ana amapindula motani pamene amawo apitiriza kuphunzira?