Phunziro la Chingerezi: Mawu Onena za Kuvutika

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu akafuna kudandaula, liwu limodzi limkwanira: "Tavutika." Koma Mngerezi agawa kuvutikako m'mawu angapo. Tsono katekisi amene amawerengera anthu makalata, kapena kuwaperekeza ku chipatala ndi ku ofesi ya zantchito, ayenera kuwasiyanitsa bwino, pakuti liwu lolakwika likhoza kupeputsa dandaulo la munthu wosauka.

Loyamba ndilo toil. Litanthauza ntchito yolemetsa ndi yotenga nthawi yaitali, monga kuthirira nazale m'dzuwa la Okutobala, kuunga mizere, kuthyola masamba, kuwasoka ndi kuwapachika m'chigafa. Liwuli silineneza munthu aliyense. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yotchedwa Laborem Exercens, anaphunzitsa kuti ntchito ili yabwino kwa munthu ngakhale idza ndi kutopa kotere, ndi kuti wogwira ntchito akapirira thukuta lake akhala ndi gawo pa mtanda wa Khristu.

Lachiwiri ndilo strain, lochokera ku liwu la Chilatini lakuti stringere, ndiko kumanga zolimba. Linena za chinthu chokokedwa kapena cholemedwa kufikira pafupi kuduka. Mkangala wopindika ndi fodya wamuwisi uli pa strain. Chomwechonso msana wa munthu wokweza mabelo pagalimoto. Wodwala akati "I have strained my back," dokotala amva msanga kuti minofu yakokeka. M'bale wake wa liwuli ndiye stress, wotuluka ku muzu womwewo. Linafala m'zipatala chifukwa cha kafukufuku wa Hans Selye, amene anayamba kumsindikiza mu 1936 ku Montreal, ndipo masiku ano litchula makamaka nkhawa yopsinja mtima. Bambo wosowa tulo podikira mtengo wa fodya wake ku msika wa Chinkhoma ali ndi stress, ngakhale manja ake apumula.

Liwu lofunika kulisamala koposa ndilo hardship. Ana a sukulu ena amayesa kuti muli sitima ya pamadzi m'menemo. Iai, ship ameneyu ndi yemwe ali mu friendship, ndipo angosonyeza mkhalidwe. Hardship ndiko kusowa zinthu zimene moyo ufuna: chakudya, chovala, pogona, mankhwala. Njala ya 1949 ndi ya 2002 zinali hardship. Munthu akhoza kukhala pa hardship wosagwira khasu konse, ndipo akhoza kuchita toil chaka chonse nakolola zokwanira, osaona hardship.

Kusiyanaku kuoneka bwino pa nkhani ya matenanti a m'maesiteti. Banja linkalandira chimanga ndi feteleza pangongole, nililima fodya nyengo yonse, ana omwe. Pogulitsa, mwini munda ankayamba wachotsa ngongoleyo, ndipo mabanja ambiri ankabwerera kumudzi chimanjamanja. Womasulira akanena toil yekha pamenepa, wanena theka la mlandu, chifukwa womvayo angoyankha kuti ntchito ya fodya ndi yotero. Akanena hardship, wauza ofesala kuti anthu agwira ntchito koma agona ndi njala, ndipo funso la malipiro libuka lokha. Lamulo la zantchito la mu 2021 linaletsa utenanti m'Malawi, koma madandaulo a malipiro sanathe, ndipo makalata opita ku ofesi akali kulembedwa m'Chingerezi.