Masamu Atatsikira Kudoko

Tsiku lililonse timalemba timizere tiwiri togona m'makope athu a masamu, osadzifunsa kuti tinachokera kuti. Chizindikiro cha = chinayamba kuoneka m'buku la mu 1557 lotchedwa The Whetstone of Witte. Analilemba ndi Robert Recorde, dokotala wobadwira ku Wales amene ankaphunzitsanso masamu. Iye anatopa ndi kubwerezabwereza mawu onena kuti chakuti n'chofanana ndi chakuti, motero anajambula mizere iwiri yoyendera limodzi. M'phunziro lino tiona zimene olemba mabuku a nthawi imeneyo angatiphunzitse ife amene tikukonzekera kukaphunzitsa ena.

Kulembera anthu ogwira ntchito

Pa nthawiyo maphunziro apamwamba ku Ulaya ankachitika m'Chilatini. Wamalonda, kalipentala ndi mmalinyero ankafuna masamu tsiku ndi tsiku, koma Chilatini sankachidziwa. Recorde anasankha kulemba m'Chingerezi, chilankhulo cha pamsika ndi padoko. Buku lake la mu 1543, The Ground of Artes, analilemba ngati kukambirana kwa mphunzitsi ndi wophunzira. Wophunzirayo amafunsa, amayesa, amalakwitsa, ndipo mphunzitsi amamusonyeza pamene waphonya. Bukuli linasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 100, ngakhale kuti mwiniwake anamwalira mu 1558 ali m'ndende chifukwa cha ngongole.

Ku Netherlands, Simon Stevin anachitanso chimodzimodzi m'Chidatchi. Mu 1585 anatulutsa kabuku kophunzitsa anthu wamba kuwerengera ndi madesimo, ndipo mu 1586 anatulutsa buku lofotokoza za kulemera kwa zinthu ndi mphamvu yofunika kuti katundu asatsetsereke pamalo otsetsereka.

Mapu amene ankasocheretsa

Kumene kulakwitsa masamu kunkatayitsa moyo kunali panyanja. Tiyerekeze dziko lapansi ndi lalanje losenda. Zigawo zake n'zotambasuka pakati, koma zimapanikizana n'kukumana kunsonga zonse ziwiri. Mizere ya pamapu yochokera kumpoto kupita kummwera ili chimodzimodzi. Pa ikweta, digiri imodzi yopita kum'mawa kapena kumadzulo ndi makilomita pafupifupi 111. Tikafika pa madigiri 60 kumpoto, digiri yomweyo imangokhala makilomita pafupifupi 56.

Mapu ambiri amene amalinyero ankagwiritsa ntchito sankasamala zimenezi. Ankajambula timabokosi tofanana paliponse, ngati kuti dziko ndi lafulati. Pa ulendo waufupi vutoli silinkaoneka kwenikweni. Koma pa ulendo wautali, woyendetsa sitima ankatha kutsatira kampasi yake mokhulupirika, n'kuwerengera bwinobwino, koma osafika kumene mapu anamulonjeza.

Mu 1569, Gerardus Mercator anatulutsa mapu amene anathetsa vutoli potalikitsa mipata ya mizere yopingasa akamayandikira kunsonga za dziko. Koma sanafotokoze mawerengedwe ake, choncho ena sakanatha kujambula mapu otere molondola.

Amene anamaliza ntchitoyi ndi Edward Wright, katswiri wa masamu wa ku Cambridge. Mu 1589 iye anakwera sitima pa ulendo wa kuzilumba za Azores, n'kudzionera yekha mmene amalinyero ankagwirira ntchito. Mu 1599 anatulutsa buku lotchedwa Certaine Errors in Navigation. Mutu wakewo unkanena poyera kuti muli zolakwika m'zimene anthu ankakhulupirira. M'bukuli anaikamo ndandanda ya manambala yosonyeza pamene mzere uliwonse wopingasa uyenera kukhala. Pa mapu ojambulidwa motero, njira yotsatira mbali imodzi ya kampasi imakhala mzere wowongoka. Mmalinyero sankafunika kumvetsa masamu onsewo. Ankangofunika mapu oona.

Zimene tikuphunzirapo

Ambiri a ife tidzaima kutsogolo kwa kalasi, kapena tidzafotokozera wodwala kamwedwe ka mankhwala, kapena mlimi muyezo wa feteleza. Recorde akutikumbutsa kuti tisanafotokoze chinthu tizidzifunsa kuti womverayo amaganiza m'chilankhulo chanji, ndiponso kuti akhoza kupunthwa pati. Wright akutikumbutsa kuti munthu wakhama akhoza kusochera ngati mapu amene tamupatsa ndi olakwika. Iye sanadalire zongomva, koma anapita kukaona yekha, ndipo atapeza cholakwika anachitchula n'kuperekanso njira yochikonzera.

Mafunso okambirana

1. Ndi mfundo iti ya m'maphunziro athu imene tingathe kuifotokoza m'Chichewa kwa munthu amene sanapite kukoleji?
2. N'chifukwa chiyani Recorde analola wophunzira wa m'buku lake kulakwitsa?
3. Tikapeza cholakwika m'buku kapena m'manotsi amene tonse timadalira, tiyenera kuchita chiyani?