Ogwira Ntchito Yoteteza Ana ku Australia: Tiwadziwe

Anzanga, ambiri tikamva za Australia timangoganiza za kangaroo basi. Lero tiphunzire za anthu ena a kumeneko amene satchuka kawirikawiri: ogwira ntchito yoteteza ana, makamaka a m'mabungwe otsogozedwa ndi Aaborijini, eni nthaka a dzikolo.

Kuti timvetse ntchito yawo, tiyambe ndi mbiri. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka m'ma 1970, maboma a ku Australia ankalanda ana a Aaborijini kwa makolo awo n'kukawasunga m'nyumba za boma, ku mishoni kapena m'mabanja a azungu. Ankati akuwateteza. Koma anawo ankaletsedwa kulankhula chinenero chawo, ena anawasintha mayina, ndipo ambiri sanaonanenso ndi amayi awo. Anthu amenewa amatchedwa Stolen Generations, kutanthauza mibadwo yobedwa. Lipoti lofufuza nkhaniyi, lotchedwa Bringing Them Home, linatuluka mu 1997, koma nduna yaikulu ya dzikolo, Kevin Rudd, anapepesa pa 13 February 2008. Zaka zonsezo kudikira mawu akuti pepani, eti!

Mmodzi mwa ana olandidwawo anali Margaret Tucker, amene anamutenga ali ndi zaka 13 kupita naye kunyumba ya atsikana ku Cootamundra, komwe ankawaphunzitsa kukhala antchito a m'nyumba. Mwana wake, Mollie Dyer, atakula analera ana ambiri a anthu ena pakhomo pake, ndipo m'zaka za m'ma 1970 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la VACCA mumzinda wa Melbourne. Cholinga chake chinali chakuti mwana wa Aaborijini akakhala pamavuto, amuthandize ndi anthu a mtundu wake. Mu 1981 kunabadwanso SNAICC, bungwe lolankhulira ana a Aaborijini m'dziko lonselo.

Nanga ogwira ntchitowa amatani kwenikweni? Ana ena amafunikadi kuchotsedwa pakhomo, mwina chifukwa cha nkhanza, uchidakwa kapena kusowa chisamaliro. Izi sitingakane. Koma malamulo a kumeneko tsopano ali ndi ndondomeko yake. Choyamba afunefune achibale: agogo, azakhali, amalume. Akalephera, ayang'ane anthu a m'dera la mwanayo, kenako banja lina la Aaborijini. Banja la mtundu wina limabwera pomaliza, ndipo mwanayo asamulekanitse ndi abale komanso chikhalidwe chake. Kwa ife izi si zachilendo, paja mwana wamasiye kuno amapita kwa agogo kapena kwa amalume. Kumeneko anthu anachita kumenyera kuti zimenezi zilembedwe m'malamulo.

Ntchitoyi ndi yolemetsa ndithu. Wogwira ntchito amayendera banja mobwerezabwereza, kufufuza m'bale amene mwina amakhala kutali kwambiri, kupita kukhoti, kuthandiza mayi kupeza nyumba kuti mwana wake abwerere. Amagogodanso pamakomo pomwe anthu amakumbukira kuti kale mlendo wogogoda ankachoka ndi mwana. Ndiye kuti amukhulupirire, pamatenga nthawi. Ine ndikuona kuti anthu amenewa amalakwiridwa: zinthu zikavuta dziko lonse limawaloza chala, koma mwana akakula bwino kwa agogo ake, palibe amene amafunsa kuti anawapeza agogowo ndani.

Vutoli silinathe ayi. Mpaka pano mwana wa Aaborijini amachotsedwa pakhomo kawirikawiri kwambiri kuposa ana ena a m'dzikolo, n'chifukwa chake mabungwewa akupempha kuti boma liwapatse mphamvu zambiri zogamula okha za ana awo.

Pa 4 August chaka chilichonse, kuyambira mu 1988, kumakhala tsiku la ana a Aaborijini ndi a ku zilumba za Torres Strait. Tsikuli silinasankhidwe mwangozi. Ana ambiri olandidwa aja sankadziwa tsiku limene anabadwa, choncho ankawakondwerera onse pamodzi pa 4 August.