Phunziro: Carl Hempel ndi Kayesedwe ka Ganizo la Sayansi

Lero tiphunzira za Carl Hempel, katswiri amene anafufuza kwambiri funso ili: kodi wasayansi amadziwa bwanji kuti ganizo lake ndi loona?

1. Tiyambe ndi matanthauzo. Filosofi ya sayansi ndi phunziro lofufuza njira zimene asayansi amapezera nzeru. Ganizo loyesa ndi yankho limene munthu walingalira koma sanalitsimikize. Umboni ndi chimene maso aona kapena chipangizo chayeza. Hempel anali m'gulu la logical empiricism, lomwe linkaphunzitsa kuti chonena chilichonse cha sayansi chizitheka kuyesedwa ndi umboni.

2. Hempel anabadwa mu 1905 ku Oranienburg, m'dziko la Germany. Anaphunzira masamu, fizikisi ndi filosofi, ndipo mu 1934, ulamuliro wa Nazi utakula mphamvu, anasamukira ku Belgium. Kenako anapita ku America, komwe anaphunzitsa ku Yale, Princeton ndi Pittsburgh. Anamwalira mu 1997.

3. Apa pafunika kufatsa. M'buku lake la mu 1966, Philosophy of Natural Science, Hempel anafotokoza za dokotala Ignaz Semmelweis wa pachipatala chachikulu cha ku Vienna. Kumeneko kunali mawodi awiri a amayi oyembekezera. Mu 1846, m'wodi yoyamba amayi oposa 11 pa 100 aliwonse anamwalira ndi matenda otentha thupi atangochira, pamene m'wodi yachiwiri sanafike 3. Ganizo lina linali lakuti amayiwo ankafa ndi mantha, chifukwa wansembe ankadutsa m'wodi yoyamba belu likulira popita kwa wodwala wakayakaya. Semmelweis anapempha wansembeyo kuti azilambalala mwakachetechete, koma imfa sizinachepe. Ganizolo linagwa. Mu 1847 mnzake Kolletschka anachekedwa ndi mpeni popima mtembo, nafa ndi matenda ofanana. Semmelweis anazindikira kuti madokotala ndi ophunzira awo ankachokera kumitembo n'kukagwira amayi, chinthu chimene azamba a m'wodi yachiwiri sankachita. Analamula kusamba m'manja ndi madzi a klorini, mankhwala amene ife a ku Blantyre tinawadalira pamene kolera inavuta mu 2022 ndi 2023. Mu 1848 imfa m'wodi yoyamba sizinafike 2 pa 100.

4. Ndondomeko imene Hempel anaonamo ndi iyi. Wofufuza amati: ngati ganizo langa ndi loona, chakuti chiyenera kuoneka. Chikapanda kuoneka, ganizo lakanidwa. Chikaoneka, ganizo lalimba, koma silinatsimikizike kotheratu. Ambiri amalakwa pamfundo yachiwiriyi, ndipo ndikupemphani muigwire bwino. Munthu amene waona akhwangwala akuda bii okhaokha, ngakhale chikwi, akhoza kunena kuti onse ndi otero. Koma atafika pa dzala ku Mbayani n'kuona mmodzi wa chifuwa choyera, chonena chakecho chathera pomwepo.

5. Semmelweis nayenso anakumana ndi zoterezi pa ganizo lake la mitembo. Tsiku lina iye ndi anzake, atasamba ndi klorini, anapima mayi wa chilonda cha khansa chotukusira, kenako anangosamba mwamasiku onse n'kupima amayi ena 12. Mwa iwo, 11 anamwalira. Zinaonekeratu kuti choopsa sichichokera kumitembo kokha, choncho anakuza ganizo lake kuti liphatikizepo zoola zochokera m'thupi la munthu wamoyo.