Bwanji chilombo timachimva tisanachione?

Mu gemu ya Amnesia: The Dark Descent, yomwe inatuluka mu 2010, mumasochera m'makonde amdima mulibe chida, nyali yokha basi. Chilombo chikubangula penapake koma simukuchiona. Manthawo ali ndi fizikisi yake.

Kuwala sikukhota pakona, koma phokoso limakhota: diffraction ija. Funde limakhota kwambiri wavelength yake ikayandikira kapena kuposa kukula kwa mpata. Mumpweya phokoso limathamanga pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndiye kubangula kwa 100 Hz kuli ndi wavelength ya mamita 3.4, kuposa chitseko. Ya kuwala siyifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita.

Ndiye pali makoma. Kalowe mu St Peter's Cathedral konkuno ku Likoma, muombe m'manja kamodzi (osati nthawi ya mapemphero, chonde). Phokoso limanjanja pamakoma n'kubwerera kuchokera mbali zambiri. Ubongo umapeza kochokera phokoso poyerekeza nthawi yomwe lafikira khutu lililonse, koma likachuluka chonchi umasokonezeka. Opanga magemu amatengera zimenezi dala: chilombo chili pafupi, koma mbali iti?

Yesani: werengerani wavelength ya 5,000 Hz. Ingakhote pachitseko chomwecho?