Chuku mu Mtedza: Phunziro Limene Linachokera ku Bunda

Anzanga, imani kaye pa bolodipa belu lisanalire. Ambiri a ife fizi yathu imachokera ku mtedza, ndiye nkhaniyi ndi ya tonse.

Patchuthi chapitachi, alangizi a zaulimi a m'dera lathu anabwera ku kalabu ya alimi ya m'mudzi mwathu, kuno ku Namitete. Anabwera ndi achemwali ena, ophunzira a ku Bunda, amene anatumizidwa kudzaphunzira ntchito kumudzi. Amayi anandituma kuti ndikawamverere chifukwa iwo anali kumaliro. Ndinapita monyinyirika, poganiza kuti ndi zija za masiku onse za mizere ndi manyowa. Koma funso loyamba la achemwaliwo linandikhazika chete. Anati, "Kodi mukasankha mtedza wabwino n'kugulitsa, wotsalawo umapita kuti?"

Anthu anaseka, chifukwa yankho aliyense amalidziwa. Wabwino umapita kwa mavenda. Wonyala, wosweka ndi wakuda uja timasinja nsinjiro, n'kutendera ndiwo, n'kuthiranso m'phala la mwana. Kwathu timachita chimodzimodzi, ndipo mng'ono wanga wa zaka ziwiri amadya phala limenelo m'mawa uliwonse.

Nazi zimene anatiphunzitsa. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa ndi chinyezi zimachita chuku. Mtundu wina wa chuku, umene asayansi amautchula Aspergillus flavus, umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo nthawi zina amapezeka ngakhale mu mtedza wooneka bwinobwino. Choopsa kwambiri n'chakuti satha ndi moto wa pamafuwa. Kaya mukazinge, kaya muphike, iye alipobe. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, chiwindi chimawonongeka ndipo akhoza kudwala khansa ya chiwindi. Ofufuza amaonanso kuti ana odya chakudya chotere kawirikawiri amapinimbira. Akachuluka kwambiri amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Ndi chifukwa chakenso misika ya kunja, monga ya ku Ulaya, imayeza mtedza isanagule, ndipo ukapezeka ndi poizoni wambiri amaukana.

Kenaka anafika pa chizolowezi chathu chija chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe tisanaswe. Ena amatero kuti zala zisapweteke, ena kuti thumba lilemere pa sikelo. Achemwaliwo anati madzi amenewo ndiwo amadzutsa chuku. Bambo wina wachikulire anafunsa kuti, "Nanga makolo athu aja ankadya chiyani, osafa bwanji?" Iwo sanakwiye. Anayankha mwaulemu kuti matendawa sagwetsa munthu tsiku limodzi, ndipo ambiri amadwala osadziwa chimene chawadwalitsa.

Zoyenera kuchita n'zosafuna ndalama. Lembani izi, zikhoza kukuthandizaninso pa mayeso a Agriculture:

1. Bzalani ndi mvula yoyamba. Mtedza ukakumana ndi ng'amba pamene ukukhwima, chuku chimalowa ukadali m'nthaka.
2. Kumbani ukangokhwima, mosamala kuti khasu lisaswe makoko.
3. Poyanika m'munda, tembenuzani mitengo yake kuti mtedza uyang'ane kumwamba, usakhudze dothi. Mukathothola, yanikani pamphasa kapena pathandala, osati pansi.
4. Wouma bwino umalira mukaugwedeza. Usungeni ndi makoko ake, matumba akhale pamitengo osati pansi, pamalo popita mphepo komanso posadontha.
5. Musawaze madzi poswa.
6. Wowola, wachuku ndi wobooledwa ndi tizilombo musadye, musapatsenso nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, chifukwa poizoniyu amatha kufika mpaka mumkaka. Ukwirireni.

Tsopano funso limene ndinabwera nalo kunyumba ndi ili: nzeru zoterezi zimayenda bwanji kuchoka ku yunivesite mpaka kufika pakhomo pathu?

Koleji ya Bunda ili kufupi ndi Mitundu, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe. Kwa zaka zambiri inali nthambi ya University of Malawi, koma kuyambira mu 2012 ili pansi pa yunivesite yoima payokha ya zaulimi, LUANAR. Koleji ya NRC, imene ili kufupi ndi msewu wathu womwewu wa ku Mchinji, nayonso inalowa mu LUANAR. Ntchito ya yunivesite yotere ili patatu: kuphunzitsa, kufufuza, ndi kufikitsa zimene yapeza kwa anthu. Mwachitsanzo, nyemba za Kalima ndi Bunda 93 zimene alimi ena amabzala zinatuluka m'kafukufuku wa ku Bunda. Palinso Chitedze, pamene timadutsa pa minibasi popita m'tauni. Imeneyo si yunivesite, ndi malo a boma ofufuzirapo zaulimi, ndipo bungwe la ICRISAT limene limafufuza za mtedza lili pomwepo. Zimene ofufuzawa apeza zimapita kwa alangizi a ku EPA, alangizi amaphunzitsa alimi otsogolera ndi makalabu, kenaka zimafika kwa mlimi aliyense kudzera m'minda yachitsanzo, masiku a chionetsero ndi pa wailesi.

Vuto lili kumapeto kwa ulendowu. Mlangizi ndi mmodzi, midzi ndi yambirimbiri, njinga yake ndi yakapalasa. Tsiku la msonkhano wina ali kumaliro, wina kuchipatala, wina kudimba. Uthenga umathera pansi pa mtengo pomwepo. Ndiye amene angaunyamule kuufikitsa kukhitchini ndani? Ndife, amene timatha kuwerenga kapepala ka alangizi n'kufotokoza m'chinenero cha pakhomo.

Si zophweka ayi. Madzulo a tsikulo ndinati, "Amayi, mtedza wakudawu tisamathire m'phala la mwana, akuti uli ndi poizoni." Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, Fomu 3 yomweyi wayamba kundiphunzitsa kuphika? Ukataya umenewu, tidyera chiyani?" Funso lawo linali loona. Kutaya chakudya m'nyumba mopanda ndalama si masewera. Ndinalakwitsa poyankhula ngati mphunzitsi pamaso pa kholo. M'mawa mwake ndinangotenga lichero n'kukhala pansi kusankha ndekha. Wakudawo sunadzaze ngakhale mbale imodzi. Amayi ataona kuchepa kwake anati, "Basi kataye, koma mawa usankhenso." Tinagwirizananso kupatula ndowa imodzi ya mtedza wabwino, ya phala la mwana yokha, tisanagulitse wina uliwonse. Za kuwaza madzi sanasiyiretu, tikukambiranabe.

Achemwali a ku Bunda aja anatiuza kuti nawonso anaphunzira pa CDSS ngati yathu ino. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Amene mukufuna zaulimi limbikiraninso Biology, Chemistry ndi Masamu. Koma musadikire digiri. Loweruka likubwerali, tengani lichero, khalani pafupi ndi amayi kapena agogo, muone chimene chikulowa mumtondo.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 3